Kuzolowetsa kilatchi yatsopano yamphamvu

Kuzolowetsa kilatchi ndi kuyendetsa galimoto mofatsa kwa kanthawi pambuyo poikamo kilatchi yatsopano, kuti mbale yake igwirane bwino ndi zitsulo zimene zimaipana. M'Chingerezi amati break-in. Ntchitoyi ndi yofunika kwambiri pa makilatchi amphamvu, amene amaikidwa m'galimoto za mpikisano kapena zimene injini yake yawonjezeredwa mphamvu. Ena mwa opanga makilatchi otere ndi Exedy ya ku Japan, Sachs ya ku Germany ndi Centerforce ya ku America.

Chifukwa chake

Mbale ya kilatchi imakhala pakati pa flywheel, chitsulo cholemera chozungulira limodzi ndi injini, ndi pressure plate. Woyendetsa akachotsa phazi pa kilatchi, pressure plate imakanikizira mbaleyo pa flywheel, ndipo mphamvu ya injini imafika ku giyabokisi. Zikakhala zatsopano, nkhope za zitsulozi ndi za mbale zimakhala ndi timabampu tosaoneka ndi maso, choncho zimakhudzana m'malo ochepa okha. Injini ikakoka mwamphamvu zinthu zili choncho, kutentha konse kumaunjikana pa malo ochepawo. Kuzolowetsa kumapala timabamputo pang'onopang'ono mpaka nkhope yonse ya mbale iyambe kugwira.

Mtunda ndi kayendetsedwe

Opanga ambiri amalangiza mtunda wa pafupifupi mamailosi 500, omwe ndi makilomita 800. Koma chimene chimazolowetsa kilatchi si mtunda weniweniwo ayi, ndi kuchuluka kwa maulendo amene yapondedwa ndi kusiyidwa. Galimoto ikayenda ulendo wautali mu giya yomaliza, mbale imangokhala yopanidwa osakhulana ndi chilichonse, ndiye imabwerako ikadali yatsopano. N'chifukwa chake amalimbikitsa kuyenda m'tauni, momwe woyendetsa amaimaima ndi kusintha magiya pafupipafupi.

Pa nthawiyi woyendetsa sayenera kunyamuka mwaliwiro, kuponda moto mpaka pansi, kukoka ngolo yolemera, kupita pa mpikisano kapena kuyesa mphamvu ya injini pa makina a dyno. Sayeneranso kugoneka phazi pa kilatchi akuyenda, kapena kuimika galimoto pachitunda poigwira ndi kilatchi m'malo mwa mabuleki.

Mitundu ya mbale

Mbale za organic, zopangidwa ndi ulusi, utomoni ndi timawaya, zimagwira mofewa ndipo ndi zimene zimapezeka m'galimoto zambiri. Za Kevlar, ulusi umene Stephanie Kwolek anatulukira ku kampani ya DuPont mu 1965, zimakhalitsa koma zimachedwa kuzolowera, ndipo zimawonongeka msanga zikatenthedwa zisanakhazikike. Za ceramic ndi za chitsulo zimapirira kutentha kwambiri. Zambiri mwa izi zimakhala ndi timapadi tinayi kapena tisanu ndi kamodzi m'malo mwa nkhope yathunthu, ndipo zimagwira mwadzidzidzi.

Zotsatira za kufulumira

Mbale ikatenthedwa mopitirira, nkhope yake imauma ndi kusalala ngati galasi. Ikatero imayamba kuterereka: injini imalira kwambiri koma liwiro silikwera, makamaka pokwera phiri kapena mu giya yapamwamba. Pa flywheel pamatha kubwera mawanga abuluu, ndipo galimoto imanjenjemera ponyamuka. Kukonza vutoli kumafuna kutsitsanso giyabokisi, ntchito ya maola ambiri, ndipo nthawi zambiri chitsimikizo cha wopanga sichikhudza kilatchi yopsa chifukwa cha kayendetsedwe.

Ntchito ya makaniko

Kuzolowetsa kumayenda bwino ngati kilatchi inaikidwa bwino. Flywheel yakale imapalidwa pa makina kuti isalale, kapena imasinthidwa. Ya mtundu wa dual-mass kawirikawiri imangosinthidwa. Pressure plate yatsopano imabwera yopakidwa timafuta toteteza dzimbiri, ndipo amayamba atsuka asanamange, chifukwa mafuta kapena girisi zikafika pa mbale, kilatchi imaterereka ngakhale woyendetsa atasamala bwanji.