Chipping Campden: Mzinda Umene Nkhosa Zinamanga

Ca kumadzulo kwa dziko la Mangalande kuli mapiri ochedwa Cotswolds. Si mapiri atali ai, ndi zitunda za msipu wabwino, ndipo pansi pa nthaka yace pali mwala wacikasu wosabvuta kusema. Kumpoto kwa mapiriwa, m'dera la Gloucestershire, kuli kamzinda dzina lace Chipping Campden, mailosi ngati 90 kucokera ku London. Mlendo wa pa sitima amatsikira ku Moreton-in-Marsh natsiriza ulendo pa basi, pakuti siteshoni ya Campden inatsekedwa m'caka ca 1966. Alendo ambiri amangojambula zithunzi nabwerera. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu woyenda mosafulumira angathe kuwerenga mbiri ya mzindawu pa nyumba zace.

Tiyambe ndi dzina. Liu lakuti Chipping licokera ku Cingelezi cakale, ndipo tanthauzo lace ndilo msika. Kalelo munthu sanali kutsegula msika mwa kufuna kwace, panafunika kalata ya cilolezo yocokera kwa mfumu. A ku Campden analandira yao m'masiku a Mfumu Henry II, amene analamulira kuyambira 1154 kufikira 1189. Mseu waukulu anaulambula wotakata pakati kuti amalonda apeze poyala katundu. Popeza aliyense anafuna khomo lopenya kumsika, malo anagawidwa opapatiza kumaso koma atali kumbuyo. Ndico cifukwa cace nyumba za mu mseuwo nzogundana, ndi madimba ao kuseri.

Cuma ca mzindawu cinacokera ku nkhosa. Nkhosa za m'mapiriwa zinali zazikulu, za ubweya wautali. M'zaka za m'ma 1300 amalonda anali kugula ubweyawo kwa alimi, naulongedza m'masaka, nautumiza kutsidya la nyanja kwa oomba nsalu a ku Flanders ndi ku Italy. Wochuka mwa amalondawa anali William Grevel, amene nyumba yace, yomangidwa ca m'ma 1380, ikali ciimire mu mseu waukulu. Iye anamwalira m'caka ca 1401, ndipo cithunzi cace cozokota pa mkuwa ciri m'chalichi ca St James. Mlendo amadabwa kuona chalichi cacikulu cotere, ca nsanja yotalika mapazi 120, m'kamzinda kakang'ono. Ndalama za ubweya ndizo zinacimanga.

Patapita zaka 200 kunadza munthu wina wacuma, Sir Baptist Hicks, wogulitsa nsalu ku London, amene anali kukongoza ndalama ngakhale kwa Mfumu James I. M'caka ca 1612 anamangira nkhalamba zosauka 12 nyumba pafupi ndi chalichi, ndipo okalamba akhalamo kufikira lero. M'caka ca 1627 anamanga cinyumba ca msika pakati pa mseu, denga pa mizati ya miyala, kuti ogulitsa batala, chizi ndi nkhuku asabvumbwe. Miyala ya pansi pace inaperepeseka ndi mapazi a anthu. Koma nyumba yace yaikulu mlendo sadzaipeza. Pa nkhondo ya paciweniweni, m'caka ca 1645, asilikali a mfumu anaitentha pocoka. Zotsala ndizo cipata ndi tinyumba tiwiri todyeramo maphwando.

Tsono tifunse: nanga bwanji nyumba zakalezi sizinagumulidwe monga m'mizinda yina? Umphawi ndiwo unazisunga. Angelezi atayamba kuomba nsalu zao zambiri, malonda otumiza ubweya kunja anacepa. Makina otsuka ndi kusinja nsalu anali kuyenda ndi madzi othamanga, motero nchitoyo inakula m'zigwa za ku Stroud, kumene kuli mitsinje yamphamvu. Campden ali ndi kamtsinje cabe. Mafakitale akulu sanabwere, ndipo ulimi utabvuta kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anthu ambiri anasamuka. Panalibe wacuma wofuna kugwetsa zakale ndi kumanga zatsopano.

Nyumba zopanda anthuzo zinakopa C. R. Ashbee, amene m'caka ca 1902 anasamutsira kumeneko bungwe lace la amisiri, Guild of Handicraft, kucokera ku London. Amisiri ndi mabanja ao analipo ngati 150. Bungwelo linagwa zisanathe zaka 10, koma amisiri ena anatsala, ndipo a banja la Hart akali kusula siliva m'nyumba yomweyo mu Sheep Street. Pambuyo pace mmisiri wa zithunzi F. L. Griggs ndi anzace anayambitsa Campden Trust m'caka ca 1929, kuti nyumba zakale zizikonzedwa popanda kuononga maonekedwe ace. Kuyambira pamenepo anthu anasunga mwadala cimene kale cinasungika mwangozi.

Kusungako kwadzetsa bvuto lina. Kukongola kwa mzindawu kwakweza mitengo ya nyumba, kotero kuti ana obadwira komweko ambiri alephera kugula pokhala kwao.

Mlendo asanabwerere akwere Dover's Hill, citunda cimene ciri ngati mailo imodzi kunja kwa mzinda. Pamenepo Robert Dover anayambitsa masewera ca m'ma 1612, ndipo acitikabe caka ndi caka. Amodzi mwa iwo ndiwo akuti amuna awiri agwirana mapewa namenyana mateche m'misongolo, atalonga udzu wouma m'mathalauzi. Pa citundapo nkhosa zikali kudya msipu monga kale, koma ubweya wace, umene unamanga chalichi, zaka zina sulipira ngakhale munthu wozimeta.