Kodi mumadziwa? Khonsolo, malamulo ndi okondana okhaokha ku Zimbabwe

Kodi mumadziwa kuti likulu la khonsolo ya Mazowe lili ku Concession, m'chigawo cha Mashonaland Central? Makhansala ake amayang'anira misewu ya kumapulazi, mijigo, misika ndi makiliniki. Koma pa nkhani ya amuna kapena akazi okondana okhaokha alibe mawu. Imeneyo ndi ya Nyumba ya Malamulo ndi makhoti.

Nanga zoti lamulo lake limaluma amuna okha? Gawo 73 la malamulo a milandu, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2006, likuti mwamuna wogonana ndi mwamuna mnzake alipire chindapusa kapena akhale m'ndende mpaka chaka chimodzi. Akazi silinawatchule. Ku Malawi chilango chimafika zaka 14, ndipo mu Juni 2024 khoti linakana kuthetsa lamulolo. Mukangooloka malire kulowa ku Tete, mlandu palibe: Mozambique inauchotsa mu 2015.

Pali nkhani ina ya malamulo, ya unzika, yokhudza a m'makomboni. Ana ndi zidzukulu za amene anachoka ku Nyasaland, Mozambique ndi Zambia kudzalima fodya wa azungu, ambiri anataya unzika lamulo litasinthidwa mu 2001, mpaka kuvota kunawakanika m'dziko lomwe anabadwira. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 43, anabwezera unzikawo kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linali la dziko la SADC. Tsegulani patsogolo pang'ono m'buku lomwelo: gawo 78 likuletsa ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha. Buku limodzi linatsegulira ena khomo, ena linawatsekera.

Bungwe la GALZ, lomenyera ufulu wa amuna ndi akazi okondana okhaokha, linayamba mu 1990. Mu 1995 boma la Robert Mugabe linaliletsa kuika tebulo pa chionetsero cha mabuku ku Harare, ndipo mu 2024 wachiwiri kwa pulezidenti, Constantino Chiwenga, analidzudzula chifukwa cholipirira ophunzira sukulu. Komabe mu 2019 khoti lalikulu ku Bulawayo linalamula kuti Ricky Nathanson, yemwe anabadwa mwamuna koma amakhala ngati mkazi, apepesedwe ndi ndalama apolisi atamumanga polowa m'chimbudzi cha akazi.

Ku zaumoyo ndiye boma limayankhula mosiyana. Ndondomeko za National AIDS Council zimawerengera amuna ogonana okhaokha pa magulu oyenera kufikiridwa ndi makondomu, kuyezetsa magazi ndi ma ARV. Namwino wa pakiliniki ya khonsolo amayenera kumuthandiza munthu yemweyo amene gawo 73 likumutcha wamlandu.