Mphini za Agogo ndi Tatuu ya Mdzukulu

M'gawo lapitali tidakambirana za mavalidwe a achinyamata athu. Lero ndifuna tisiye nsalu tifike pakhungu penipeni, chifukwa mwezi wathawu ndidaitanidwa pa nkhani ina imene idatsala pang'ono kupasula ukwati usadamangidwe n'komwe.

Mnyamata wina amene ndidamphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4 adafika kunyumba kwanga madzulo ena, nkhope ili yakugwa. Iyeyu adakhala ku Johannesburg zaka zinayi akugwira ntchito ya ukalipentala, ndipo atabwerera kumudzi adapeza mbeta, nafunsira, naloledwa. Ankhoswe a mbali zonse adali atagwirizana kale za tsiku la chinkhoswe. Tsono tsiku lina kutatentha, iye akuthandiza kufolera nkhokwe kwa apongozi ake, adapinda manja a malaya, ndipo atsibweni a mtsikanayo adaona chimene chidali pamkono wake: dzina la munthu wamkazi, chaka cha 2019 pansi pake, ndi kambalame kotambasula mapiko. Atsibweniwo sadafunse kanthu. Adangopita kukauza mlongo wawo kuti mwana wa m'banja mwawo sangakwatiwe ndi chigawenga.

"Aphunzitsi," adatero mnyamatayo, "dzinali ndi la malemu mayi anga. Adatisiya ine ndili ku Joni, ndalama ya ulendo ndidalibe, maliro sindidawaone. Ndidasowa manda oti ndikagwadepo, ndiye ndidawalemba pamene ndingathe kuwaona tsiku ndi tsiku. Chonde mukandilankhulireko, inu amakumverani."

Ndisakubisireni, awerengi, ine mwiniwake zolemba pathupi sindizikonda. Ndilibe, sindidzakhala nazo, ndipo mwana wanga atandifunsa maganizo ndikhoza kumuuza kuti ayambe wadikira mpaka ndevu zitamera. Ndiponso mantha a atsibweni aja sadali opanda mutu. Aliyense amene adakhalako ku South Africa akudziwa kuti m'ndende za kumeneko muli magulu a akaidi otchedwa 26, 27 ndi 28, ndipo anthu a m'magulu amenewa amadzilemba zizindikiro pathupi zosonyeza gulu lawo ndi udindo wawo. Munthu wamkulu amene adamva mbiri zotere kwa anzake obwerera ku migodi sangaone inki pamkono wa mkamwini mtima wake n'kukhala m'malo. Palinso za umoyo: singano kapena lumo logwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa kachilombo ka HIV ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B. Ndipo chimene walemba uli ndi zaka 20 udzakalamba nacho, pakuti kuchifafaniza kumafuna makina apadera, maulendo angapo ndi ndalama zambiri.

Zonsezi ndi zoona. Koma nditakacheza nawo atsibweniwo ndidapeza kuti mfundo zawo zazikulu sizidali zimenezi. Iwo adanena zinthu ziwiri: kuti mchitidwewu ndi wachilendo, si wa makolo athu, ndi kuti Buku Lopatulika limaletsa. Pa ziwirizi ndi pamene ndidasiyana nawo.

Tiyambe ndi za makolo. Ndani mwa ife amene adaleredwa kumudzi sadaone mphini pamasaya, pachipumi kapena pachifuwa pa agogo ake? Kale namwali ankatemedwa mphini ndi kalumo, m'mabalamo n'kupakamo makala, ndipo zikapola zinkatukuka bwino n'kukhala chokongoletsera chimene sichikadatha kubedwa kapena kung'ambika ngati nsalu. Mwambi woti mphini yobwereza ndiyo imawala sudachokere m'buku la mzungu. Udabadwa pamphasa pamene amayi ankatemana mphinizo. David Livingstone atafika ku mapiri a m'mbali mwa Shire m'chaka cha 1859 adapeza amayi achimang'anja atavala pelele pamlomo wam'mwamba, umene ankauboola n'kumaukuza pang'onopang'ono. Amayi achiyao ankavala chipini pamphuno. Angoni ankaboola makutu. Amakonde a kumpoto kwa Mozambique adatchuka ndi mizere yakuda ya kumaso mpaka zaka za posachedwapa. Chimene chidathetsa zambiri mwa izi ndi sukulu ndi mipingo, zimene zidatiphunzitsa kuziona ngati zachikunja. Ndiye taonani chodabwitsa: dzana tidasiya mphini chifukwa alendo adati n'zachikunja, lero tikukana mphini za ana athu chifukwa tikuti n'zachilendo.

Azungu enieniwo dzina la chinthuchi adachita kubwereka. Mawu oti tatuu adachokera ku mawu a anthu a pachilumba cha Tahiti, ndipo adalowa m'Chingerezi kudzera m'zolemba za ulendo wa James Cook amene adafika kumeneko m'chaka cha 1769. Makina amagetsi olembera pakhungu adavomerezedwa ku New York m'chaka cha 1891 m'dzina la Samuel O'Reilly, koma mchitidwewo ndi wakalekale kuposa magetsi. M'chaka cha 1991 anthu okwera mapiri adapeza mtembo wa munthu wamwamuna utauma m'madzi oundana kumalire a Italy ndi Austria. Akatswiri adapeza kuti munthuyo, amene adamutcha Ötzi, adakhala ndi moyo zaka pafupifupi 5,300 zapitazo, ndipo pathupi pake adawerengapo zizindikiro 61 zakuda, zambiri zili m'chiuno, m'maondo ndi m'akakolo, malo amene mafupa ake adaoneka kuti ankamupweteka. Ena mwa akatswiriwo amaganiza kuti zidali za mankhwala. Ine nditawerenga zimenezi ndidaseka ndekha, chifukwa ndidakumbukira timizere tiwiritiwiri ta asing'anga timene ambiri a ife tili nato m'mbali mwa maso ndi pamsana, ngakhale timativindikira ndi jekete pa Sabata.

Za Buku Lopatulika ndilankhula mosamala, pakuti sindine mbusa. N'zoona kuti Levitiko 19:28 amaletsa Aisraeli kudzicheka chifukwa cha akufa ndi kudzilemba zizindikiro pathupi. Koma mutu womwewo, pa ndime 19, umaletsanso kufesa mbewu za mitundu iwiri m'munda umodzi ndi kuvala chovala cha nsalu zosakaniza, ndipo ndime 27 imaletsa kumeta m'mphepete mwa ndevu. Atsibweni aja ndevu amameta, ndipo m'munda mwawo chimanga, nyemba ndi maungu zili phando limodzi monga mwa alimi onse anzeru. Akhristu ena amati ndime 28 imatimangabe, ena amati lidali lamulo lolekanitsa Aisraeli ndi miyambo ya mitundu yowazungulira. Amene asankha kuisunga ndimeyi pathupi lake ndimamulemekeza. Chimene chimandivuta ndi kutola ndime imodzi pakati pa zinzake n'kuisandutsa mkwapulo wokwapulira mwana wa mwini.

Tsono ngati si chikhalidwe ndipo si ndime ija, chimene chimasiyanitsa chizindikiro chabwino ndi choipa n'chiyani? M'maganizo mwanga funso ndi limodzi: adafuna ndani kuti chilembedwe? Kuyambira m'chaka cha 1941 asilikali a Hitler ankalemba manambala pathupi la akaidi a ku Auschwitz, ambiri pamkono wamanzere, kuti munthu aleke kukhala ndi dzina akhale nambala ngati ng'ombe ya padibi. Inkiyo idali yofanana ndi ina iliyonse. Choipa chidali chakuti mwini mkono sadafunsidwe. Yerekezani ndi mayi Nanaia Mahuta a ku New Zealand, amene m'chaka cha 2016, ali kale phungu wa nyumba ya malamulo, adasankha kulembedwa pachibwano chizindikiro cha makolo awo achimaori chotchedwa moko kauae. M'chaka cha 2020 adasankhidwa kukhala nduna yoona za maiko akunja, ndipo mpaka 2023 adaimira dziko lawo pamaso pa atsogoleri a maiko ena chizindikirocho chili poyera. Kudali ena amene adanyoza, koma chibwano chidali chawo.

Muyeso umenewu sukondera makolo athu ayi. Atsikana ambiri akale ankatemedwa mphini asadafike msinkhu woti n'kukana, ndipo wokana ankasekedwa ndi anzake kudambwe ndi kumjigo womwe [sic]. Khanda limene likutemedwa ndi lumo la asing'anga lero lino silidavomere kanthu, ndipo ngati lumolo latema kale ana ena atatu, pamenepo ndi pamene tiyenera kukweza mawu. N'zachisoni kuti timakhala chete pa khandalo koma timasonkhanitsa ankhoswe chifukwa cha munthu wa zaka 26 amene adalipira ndalama zake, pamalo aukhondo, kuti alembe dzina la mayi ake pamkono wake.

Ife Amalawi tiyenera kudziwa bwino kuposa ena kuwawa kwa kulamulidwa maonekedwe. Kuyambira 1973 mpaka 1993 lamulo la dziko lino linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo amuna a tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza. Amene adaona zaka zimenezo angatiuze ngati mitima ya anthu idayera chifukwa cha lumo la boma.

Kulemekeza chosankha cha mnzako sikutanthauza kuchikonda. Atsibweni ali ndi ufulu wonena kuti kambalame kaja sikawasangalatsa, monga momwe ine ndidamuuzira mnyamatayo kuti akadatha kumanga chiliza pamanda a mayi ake atabwerera. Adandiyankha mwaulemu kuti chilizacho adamanga kale chaka chatha, koma chiliza sichikwera basi kupita naye kumene akukagwira ntchito. Ndidasowa chonena.

Tsiku lokambirana tidakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pamipando, amayi pamphasa. Ine ndidali nditakonza mfundo zanga zonse monga ndimachitira pokonzekera phunziro, za Livingstone, za Levitiko ndi za munthu wa m'madzi oundana uja. Ndidangolankhulako pang'ono, atsibweni akupukusa mutu. Kenaka agogo a mtsikanayo, mayi wawo wa atsibweniwo, amene adali chete nthawi yonseyi akusenda mtedza, adakodola mnyamatayo kuti asendere pafupi. Adamugwira mkono, nauyang'anitsitsa nthawi yaitali, pakuti kuwerenga sadziwa, nafunsa kuti palembedwa chiyani. Atauzidwa, adasisita dzinalo ndi chala chawo, kenaka adatembenukira kwa mwana wawo n'kuloza masaya awo, pamene mizere itatuitatu ikuonekabe pakati pa makwinya.

"Bambo inu," adatero agogowo, "mudayamwa bere la munthu wa mphini, ndipo simudalikane. Mwana uyu walemba amake. Inu mudandilemba pati?"

Amayi pamphasa paja adagwira pakamwa. Atsibweni adayang'ana pansi, natokosa dothi ndi kamtengo, ndipo patapita kanthawi adati nkhaniyo aiganizira. Mpaka lero sadanene kuti adalakwa, ndipo ndamva kuti apempha kuti pa tsikulo mkamwini adzavale malaya a manja aatali. Mnyamatayo wavomera. Chinkhoswe chilipo Loweruka la mawa lino, ndipo ine andipatsa ntchito yolemba mphatso.