Funde la ku Batoka ndi malaiti athu

Dziko lathu la Zambia lilibe nyanja ya mcere, koma lili ndi funde limene anthu amacokera kutali kuti adzasewerepo. Ambiri a ife a ku Kanyama, Matero ndi Chawama sitinamvepo mbiri yake, pamene nkhani yake ikukhudza malaiti a m'nyumba zathu.

Kunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya, mtsinje wa Zambezi umalowa m'cigwembe cakuya ca Batoka. Mmenemo madzi amathamanga pamiyala, ndipo malo oopsawo anawapatsa manambala. Pa Nambala 11 madzi amatukuka ndi kupindika monga funde la panyanja. Kusiyana kwake ndi kwakuti la panyanja limayenda ndi kukafera kumcenga, koma ili limaima malo amodzi. Munthu wodziwa amaimirira pathabwa lopepuka ndi kusewera pamenepo, mtsinje wonse ulikudutsa kunsi kwa mapazi ake. Akaterereka, madzi ozungulira amamkokera pansi asanamlavule. Kukafikako ndi kutsika phompho wapansi, ndipo anyamata a m'midzi ya kwa Mfumu Mukuni amapezerapo ndalama ponyamula katundu wa alendo.

Alimi anzathu adzamvetsa msanga cinsinsi ca fundeli, pakuti nalonso limadikira nyengo. Mvula imene imagwa ku Mwinilunga ndi ku Angola imayamba yacedwa m'dambo la Barotse, ndipo imafika pamathithi mwamphamvu ca m'Epulo. Madzi akaculuka kwambiri funde limamira, akacepa limafa. Limaoneka masiku owerengeka cabe, pamene mtsinje ukukwera kuciyambi kwa caka, ndiponso pamene ukutsika ca m'Juni kapena Julayi.

M'cigwembe comweco, boma la Zambia ndi la Zimbabwe, kupyolera m'bungwe la Zambezi River Authority, ali ndi colinga comanga damu lopanga magetsi a mamegawati 2,400, oti agawane pakati. Madzi a damulo akadzabwerera m'mbuyo adzamiza ambiri a malo amene alendo amasewerapo, pamodzi ndi nchito za anyamata aja.

Ife a m'makomboni tikudziwa kuwawa kwa mdima. M'caka ca 2024, pamene a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, madzi a m'Kariba anacepa kwambiri ndipo malaiti anali kuzima maola oposa 20 patsiku. Owocerera zitsulo ku Kalingalinga, ometa tsitsi ndi amayi ogulitsa nkhuku za m'firiji anakhala manja lende. Cotero sitinganyoze magetsi cifukwa ca masewera a alendo.

Koma tifunse mafunso awiri. Loyamba: popeza damu la Batoka lidzamwa mtsinje womwewo umene unakhumudwitsa Kariba, kodi cilala cikadzabweranso lidzatipulumutsa bwanji? Kodi sikwanzeru kulimbikiranso magetsi a dzuwa? Laciwiri: kodi amene adzataya pogwira adzawaganizira ndani? Pomanga Kariba ca m'ma 1950, Atonga okwana ngati 57,000 anasamutsidwa, ndipo ambiri a iwo anakalamba osaona malaiti m'midzi yawo.

Aphungu athu ndi makhansala abwere m'maparishi ndi m'misika adzatiyankhe mafunso awa simenti isanathiridwe. Funde likamira cifukwa ca mvula limabweranso, koma likamizidwa ndi damu lapita.