Boti la Pontoon Kapena la Fibreglass: Loyenera Banja Ndi Liti?

Mwa maboti a injini omwe mabanja amagula, mitundu iwiri ndiyo imavuta kusankha. Woyamba ndi pontoon, boti la pansi pathyathyathya lokhazikidwa pa migolo iwiri yaitali ya aluminiyamu. Wachiwiri ndi boti la fibreglass, losongoka kunsi kwake ngati chilembo cha V.

Pontoon imakopa chifukwa cha malo. Agogo amakhala pampando mosatekeseka, ana amayendayenda mkati mwa mpanda wake, ndipo katundu wa paulendo amakwana bwinobwino. Sipendekeka kwambiri anthu akaunjikana mbali imodzi, komanso imayandama ngakhale pamadzi osaya, kotero imafika kufupi ndi mchenga. Pamadzi odekha ngati a mtsinje wa Shire cha ku Liwonde, palibe boti loiposa.

Nkhani imasintha pa nyanja ya Malawi. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo mwera, womwe umaomba kuchokera kummwera chakum'mawa makamaka pakati pa Meyi ndi Ogasiti, umautsa mafunde aakulu m'kanthawi kochepa. Pontoon siidula mafunde otere. Imawomba mphuno pamadzi, mafunde n'kumakhuthukira pomwe pakhala anthu, ndipo mphepo imaikankhira kumbali popeza ndi yopepuka. Apa ndi pomwe boti la fibreglass limaonetsa ntchito yake: kusongoka kwake kumang'amba funde, liwiro limakhalapo, ndipo banja lomwe lili pa chilumba cha Thumbi ku Cape Maclear limatha kubwerera kumtunda nyengo isanaipiretu. Kuipa kwake n'kwakuti limanyamula anthu ochepa poyerekeza ndi pontoon ya utali womwewo, limapendekeka likaima, ndipo likagunda mwala kukonza kwake kumafuna mmisiri wodziwadi.

Injini nayo si yongotola. Ya two-stroke, monga Yamaha Enduro yomwe asodzi ambiri amadalira, ndi yotsikirapo mtengo, yopepuka, ndipo amakaniko oidziwa sasowa m'madera a kunyanja. Koma imamwa petulo wambiri, yemwe amasakanizidwa ndi oyilo, komanso imasokosa ndi kufuka. Ya four-stroke imadula pogula, koma imasunga mafuta ndipo anthu amatha kucheza ili mkati moyenda. Pa nkhani ya ndalama, ambiri amaiwala kuwerengeranso ngolo yokokera boti, malo osungira ndi ndalama zolembetsera ku nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi.

Maboti ambiri opangidwa kufakitale amakhala ndi kachikwangwani kosonyeza kulemera komwe anganyamule ndi mphamvu ya injini yoyenera. Malirewo sayenera kupyoledwa, ndipo aliyense wokwera, makamaka mwana, avale jekete yoyandamitsa yomukwana.

Banja lalikulu loyenda pamtsinje kapena m'magombe obisika ku mphepo lisankhe pontoon. Lofuna kulowa pakati pa nyanja ya Malawi ligule la fibreglass, ngakhale mipando ichepe.