Kutentha ndi Mayendedwe a Magetsi mu Graphene

Mwana wa sukulu akalemba ndi pensulo, amasiya pa pepala tizidutswa ta mwala wakuda wochedwa graphite. Mwalawu uli ndi masamba osanjikizana ngati a buku. M'caka ca 2004 Andre Geim ndi Konstantin Novoselov, a ku Yunivesite ya Manchester, anamatulako tsamba limodzi ndi tepi yomata. Tsambalo ndilo graphene, ndipo kucindikala kwace ndi atomu imodzi yokha.

M'waya wa mkuwa magetsi amanyamulidwa ndi tinthu tating'onong'ono, dzina lace maelekitironi. Waya akatentha, maatomu ace amanjenjemera kwambiri, napinga njira ya maelekitironiwo. Tero magetsi amayenda mobvutika. Mu graphene cimenecinso cimacitika. Koma popeza iye ngwopyapyala cotere, cinthu cimene wayalidwapo cimamlamulanso.

Pali miyala yina yochedwa ferroelectric. Khalidwe lace anayamba kuliona Joseph Valasek m'caka ca 1920, poyesa mcere wa Rochelle. Wina wa miyala yotere ndi barium titanate. M'kati mwa mwalawu atomu ya titanium siikhala pakati peni peni pa zinzace, koma imapendekera mbali imodzi. Cifukwa ca ici nkhope imodzi ya mwala imakoka maelekitironi, ndipo yinayo imawakankha, ngakhale palibe batire. Graphene akayalidwa pamwamba, maelekitironi ace amacuruka kapena kucepa monga mwa nkhope imene wagonapo.

Tsono kutentha kumagwira nchito ziwiri. Kumagwedeza njira ya maelekitironi, ndiponso kumafoketsa mphamvu ya mwala wapansiwo. Kukafika madigiri pafupifupi 120 a Celsius, kupendekera kwa titanium kumatha, ndipo mwala umaleka kukoka ndi kukankha. Motero ciwerengero ca onyamula magetsi cimasintha, ndipo kusinthaku nthawi zina kumaposa kwa kunjenjemera kuja.

Phindu lace laoneka kale. M'caka ca 2017 akatswiri a ku Cambridge analumikiza graphene ndi mwala wina wotere, lithium niobate, napanga cipangizo comva kutentha kocepetsetsa kocokera patali.

Mphunzitsi wonena kuti kutentha kumabweza magetsi wanena zoona za mkuwa, koma acenjere asaciyese lamulo la zinthu zonse. Mwana akaloweza lamulo lokha adzasokonezeka tsiku lokomana ndi cinthu cacilendo. Koma wophunzitsidwa cifukwa cace adzafunsa mafunso awiri: onyamula magetsi alipo angati, nanga njira yao njotani?