Paini Akathawa M'munda, Maso a Kumwamba Amamuona

Wodutsa pa boma la Dedza sangalephere kuona paini m'phiri. Mtengowu si wakuno. Mtundu umene wafala, Pinus patula, kwawo ndi ku Mexico, ndipo unabwera m'nthawi ya atsamunda kuti tizipeza matabwa. Ntchitoyo waigwira ndithu, ngakhale mabenchi a m'matchalitchi athu ambiri ndi a paini.

Vuto lake n'lakuti sakhala pamene anamudzala. Njere zake zili ndi kaphiko, choncho mphepo imaziulutsira kutali n'kukamera m'udzu ndi m'mphepete mwa nkhalango zachilengedwe. Akakula amachita mthunzi, masamba ake amaunjikana pansi, ndipo zomera zakwathu zimalephera kutuluka. Amamwanso madzi chaka chonse, kuposa udzu umene waulowa m'malo. Pa phiri la Mulanje, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lathera zaka zambiri likugwetsa paini wotereyu.

Nkhaniyi imafika mpaka kukhitchini. Bowa wambiri wam'tchire amamera modalira mizu ya mombo ndi msuku. Mitengoyi ikachepa, ndiwo za m'dzinja ndi masuku a ana zimachepanso. Nanga akasupe a m'munsi mwa phiri?

Kuyenda wapansi phiri lonse la Dedza ndi nkhalango ya Chongoni kufunafuna paini wothawa si ntchito yamasewera. Apa ndi pamene masetilaiti akuthandiza. A Sentinel-2, amene woyamba anaulutsidwa mu 2015 ndi mayiko a ku Ulaya, amajambula malo amodzi masiku 5 aliwonse, ndipo zithunzizo n'zaulere pa intaneti. Nyengo yabwino ndi chilimwe. Udzu umakhala utauma, mitengo yachilengedwe yayoyola masamba kapena yaphukira ofiirira, koma paini ali biriwiri. Akatswiri akafananiza zithunzi za zaka zingapo pa kompyuta, amaona kumene kubiriwirako kukulowera.

Komatu diso limeneli lili ndi polekezera. Kadontho kamodzi pachithunzi ndi malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, ndiye kapaini kofika m'bondo sikaoneka. Amene amakaona ndi mayi wotola nkhuni kapena mnyamata woweta mbuzi, ndipo pamsinkhu umenewo kamazuka ndi manja dothi likanyowa. Wamkulu akadulidwa pansi penipeni saphukiranso. Ngati ali m'nkhalango ya boma musamudule nokha, kauzeni a ofesi ya zankhalango malo ake.